Mizere Yolimidwa Usiku

Lolemba m'mawa, sabata yachiwiri ya Okutobala, Iness atafika kumunda kwake m'munsi mwa phiri anapeza kuti wina wamulimira. Loweruka anali atalekezera pa chitsa cha muwanga, ndipo ankakumbukira bwino chifukwa m'pamene khasu lake linaguluka. Koma lero kuseri kwa chitsacho kunali mizere isanu ndi umodzi yatsopano, yaitali, yowongoka, zibuma zake zisanayere n'komwe ndi dzuwa.

Wina akanagwada pomwepo n'kuthokoza Mulungu. Koma Iness anachita mantha, chifukwa pakhomo pake panalibe munthu wogwira khasu kupatula iye. Mwamuna wake, a Aroni, mkulu wa mpingo, anafa ziwalo mbali ya kumanzere, moti ngakhale batani la malaya linkawavuta. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Victor, anamuika m'manda chaka chatha. Ngolo yodzaza chimanga inagubuduzika naye pamtsetse, ndipo woyendetsa ng'ombe tsiku limenelo anali Festus, mlongo wake wa Iness, atakhuta kachasu dzuwa lili paliwombo. Pamaliropo Iness anamuloza chala pamaso pa anthu onse n'kumuuza kuti sakufuna kudzaonanso nkhope yake mpaka kufa. Festus anachoka m'mudzimo usiku womwewo, osamvekanso.

Iness anayenda mpaka kumapeto kwa mzere woyamba. Mzerewo unali wotsekedwa ndi kamulu kopinda kotchinga madzi, ndipo pamwamba pa kamuluko panali zidindo zitatu za kumbuyo kwa khasu. Victor ndiye ankatsiriza mzere choncho. Mayi ake ankamuseka kuti amasayina munda ngati kalata ya ku boma.

Sanauze munthu. Koma Lachitatu mizere inawonjezekera isanu ndi itatu, ndipo munda wa m'mbali mwa njira subisira munthu kanthu. A Tereza, mayi ake aang'ono a Iness, amene maso awo sanaphonyepo chilichonse m'mudzimo kupatula dzombe la m'munda mwawo, anaima pamenepo atanyamula mtolo wa nkhuni n'kuyang'anitsitsa. Anaona mapazi opanda nsapato pafumbi. Anawatsatira pang'ono, ndipo ataona kuti akulowera kanjira ka kumanda, mtolo uja anauponya pansi.

Pofika madzulo, pamjigo panalibenso nkhani ina. Wina anati mwamuna wake pobwera mochedwa kuchokera ku Madisi anamva khasu likulira m'munda mwa Iness, mwezi uli mbee. Wina anati wolimayo sayankhula, amangong'ung'uza ngati munthu wopanda lilime. Mawu amene aliyense ankawazungulira anatuluka pakamwa pa a Tereza, motsitsa: ndondocha. Kumeneko ngakhale mwana amadziwa tanthauzo lake. Amati ndi munthu amene mfiti yamupha m'maso mwa anthu okha, m'bokosi n'kuikamo thunthu la nthochi, mwiniwakeyo n'kumudula lilime kuti azimulimira usiku.

Mfitiyo sanavutike kuifuna. A Aroni anali mkamwini, wochokera ku Malomo, wopanda mbale m'mudzimo. Ziwalo zawo zinafa patangopita miyezi itatu chiikireni Victor, ndipo anthu anati pamenepo ndiye pali umboni, analakwitsa chizimba. Ena anakumbukira kuti pamaliro sanalire mokweza. Zinali zomvetsa manyazi kuona amayi omwewo amene a Aroni ankawapempherera ana awo akadwala malungo akukoka anawo kuti asadutse pakhomo pawo.

Lachinayi kutada, a Tereza anaitanira Iness kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, ife takhala pansi," ananong'ona. "Loweruka abale onse tikumana. Bambo amenewa abwerere kwawo ku Malomo."

"Amayi, munthu wosatha kumanga ndi batani lomwe?"

"Zimenezo sizifuna manja. Iwe unabereka. Tandiuza, mizere ija sunaizindikire?"

Iness anayang'ana kumbali, ndipo a Tereza anatenga zimenezo ngati yankho.

Usiku umenewo a Aroni anapemphera monga mwa masiku onse, pakamwa pawo popotoka pakuchedwetsa mawu. Anapempherera mvula, odwala, ndi onse amene ankawanena. Iness sanatsinzine. Ankayang'ana nkhope ya mwamuna amene anakhala naye zaka makumi awiri ndi zitatu, akufufuzapo chinthu chimene ankaopa kuchipeza. Pakati pa usiku a Aroni anadzuka n'kutuluka panja, ndodo ikugogoda, phazi lakufa likukhwekhwereza pansi. Anakhalitsa. Munthu wa mwendo umodzi amakhalitsa kuchimbudzi, Iness ankadziwa zimenezo, koma mtima wake unkawerengera nthawiyo mwa njira ina.

Atabwerako anawafunsa mumdima. "Abambo, munda wathu akulima ndani?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Simukudziwa ndithu?"

"Mwafunsa ngati mkazi wanga, kapena mwatumidwa?"

Iness anatembenukira kukhoma. Anamva a Aroni akupuma mozama, kenako mphasa ikunjenjemera pang'onopang'ono. Bambo aja ankalira mosatulutsa mawu, ndipo iye sanatambasule dzanja kuti awagwire.

Lachisanu usiku anadikira mpaka mwamuna wake atagona. Anafunda chitenje kumutu n'kutsegula chitseko mochinyamula kuti chisalire. Sanatenge tochi. Kunena zoona, sankapita kukagwira mfiti. Ankapita kukaona mwana wake, kaya ali ndi lilime kaya alibe.

Mwezi unali utapendekera kumadzulo, ndipo phiri linaponya mthunzi wake pa theka la minda. Kunja kunali zii, kopanda ndi kamphepo komwe, fungo la tchire lopsa lili ponseponse. Agalu a m'mudzi anauwa kumbuyo kwake, kenako onse analeka nthawi imodzi. Mapesi ouma ankathyoka pansi pa mapazi ake mokweza kwambiri moti ankaima kaye pakapita mapazi angapo. Atadutsa mtengo wa mango wa kumalire, anamva chimene anthu ankanena. Khasu linkalowa m'nthaka youma, phu, kenako dothi n'kukhuthuka, kenako phu. Silinkafulumira ndipo silinkapuma. Pansi pa kulira kwa khasuko panali mawu ena, a munthu wong'ung'uza atatseka pakamwa, okwera ndi kutsika, opanda liwu ndi limodzi lomwe lomveka.

Iness anakwawa mpaka pa chitsa cha muwanga. Kumapeto kwa munda, kumbali ya kumanda, chinthu chowonda chinali chitawerama, chopanda malaya, msana ukunyezimira thukuta. Chinafika pothera mzere, chinaunjika kamulu, ndipo chinatembenuza khasu. Iness anamva kugunda kutatu.

Mantha onse anamuchoka, kunatsala chisoni chokha. Anaimirira.

"Victor," anaitana motsitsa. "Victor, mwana wanga, ndine mayi ako. Usathawe."

Kung'ung'uza kuja kunaduka. Khasu linagwa pansi. Chinthucho chinaima chitamufulatira nthawi yaitali, mapewa akukwera ndi kutsika, kenako chinagwada m'khwawa la mzere nkhope itabisidwa m'manja.

"Achemwali, si Victor. Ndine Festus."

Iness anakhala pansi pomwe anaimapo. Mwana wake anali m'manda ndithu, ndipo zinamuwawa ngati amuika lero. Atatha kulira, m'pamene anakumbukira chinthu chimene mudzi wonse unaiwala, kuti amene anaphunzitsa Victor kugwira khasu anali malume ake omwewa.

"Ukufuna chiyani m'munda mwanga?"

Festus anayankhula nkhope ili pansi. Anati chichokereni ankaumba njerwa kuseri kwa phiri, njira ya ku Madisi, akumwa kuti asamve kulira kwa ngolo ija m'makutu. Mwezi wa Juni mnzake woumba naye anamwalira, ndipo pamaliro pake mlaliki ananena kuti Yesu sanafere anthu a machimo ang'onoang'ono okha. Festus anatsalira anthu atabalalika n'kumuuza mlalikiyo kuti iye anapha mwana wa mlongo wake. Anapemphera naye pansi pa mtengo. Kuyambira tsikulo mowa sanaulawenso, ndipo analowa kalasi ku mpingo.

"Abusa anandiuza kuti Mulungu wandikhululukira, koma ndibwere ndidzagwade kwa inu. Ndinafika kawiri pamtsinje n'kubwerera. Kenako ndinamva kuti alamu anafa ziwalo, mukulima nokha. Manja amene akanakulimirani ndinawachotsa ndine." Kenako anati, "Munati musadzaonenso nkhope yanga. Ndiye ndinati ndizibwera nthawi imene nkhope sioneka."

"Nanga kudzera kumanda?"

"N'kumene sindingakumane ndi munthu. Komanso ndimaima kaye pa Victor."

Ukali unamukwera Iness mpaka m'mutu. Anamuuza zonse, za pamjigo, za ndondocha, za msonkhano wa abale umene unali kudikira kuti kuche. "Unanditengera mwana, Festus. Tsopano ndi khasu lakoli ukundichotsera mwamuna. Lero lomwe lino akuwapitikitsa ngati galu, munthu wosalakwa."

Festus anagwira kumutu. "Sindinadziwe, achemwali. Ndipita. Sindidzapondanso kuno."

"Ukapita, mizere ileka, ndipo adzati mfiti yachenjera."

Atangonena zimenezo, mawu ake aja akuti munthu wosalakwa anamubwerera. Anali atawanena ndi pakamwa pomwe panafunsa a Aroni mumdima ngati wapolisi. Chaka chathunthu ankakhala panja pa tchalitchi tsiku la Mgonero, akudziuza kuti wochimwa m'banja lawo ndi mmodzi, ndipo dzina lake ndi Festus. Koma masiku awiri okha a manong'onong'o anakwanira kuti iye aone mwamuna wake ngati wopha mwana wake yemwe. Kukacha nayenso anayenera kugwada pamaso pa munthu n'kupempha chinthu chimene sakanatha kuchigwirira ntchito.

"Festus, dzutsa nkhope."

Anadzutsa. Anali atawonda, ndevu zili nyankhalala, koma maso anali a mlongo wake amene ankamubereka kumsana ali wakhanda.

"Ngakhale utagalauza phiri lonseli, Victor sabwera. Usamalime ngati ukugula kanthu. Ndakukhululukira, chifukwa nanenso ndikufuna kukhululukidwa." Mawuwo anatuluka movuta, koma atatuluka chifuwa chake chinapepuka koyamba chiikireni maliro. "Tsopano tola khasu. Ulime mpaka dzuwa likupeze pano."

Kutayamba kuyera, anthu anatulukira m'njira. A Tereza anali patsogolo ndi abale, kudzaona mizere ya usikuwo kuti akhale ndi ponenera pamsonkhano. Atamva khasu likulirabe kunja kutacha, ena anabwerera m'mbuyo, ndipo bambo wina wodziwika ndi kulimba mtima anapezeka ali kuseri kwa mkazi wake. Iness anaimirira pamwamba pa mzere.

"Bwerani pafupi, amayi. Ndondocha ija ndi iyi. Lilime ili nalo, imveni."

Festus anagwada pafumbi n'kunena zonse mokweza, osachotsera. Anati ngolo ija inagwa chifukwa cha kuledzera kwake, panalibe mankhwala a munthu. Anati mizere yonse analima ndiye, chifukwa cha manyazi. Anati Yesu anamutola ali chidakwa chopha munthu, ndipo sakufunanso kuyenda mumdima. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mudziwo a Tereza analibe chowonjezera.

Kumbuyo kwa gululo kunamveka ndodo. A Aroni atadzuka n'kupeza mkazi wawo palibe, anakoka mwendo wawo mtunda wonsewo okha, malaya osamanga, mawondo ali fumbi pomwe anagwa m'njira. Anthu anawapatukira, maso ali pansi.

Iness anapita kukagwada pamapazi awo, pamaso pa onse.

"Abambo, anthu awa ananena, koma ine ndinakhulupirira. Ine amene ndimakudziwani. Ndakuchimwirani, ndikhululukireni."

A Aroni anamuyang'ana. Anasiya ndodo kuti igwe, popeza dzanja logwira ntchito anali nalo limodzi, n'kuliika pamutu pa mkazi wawo.

"Dzukani, mayi. Zatha." Kenako anayang'ana kwa Festus. "Alamu, ndakhala ndikukutchulani m'pemphero chamumtima chaka chonse, kuopa kukwiyitsa achemwali anuwa. Bwerani mundigwire, ndisanagwe."

Festus anathamanga n'kulowetsa phewa lake m'khwapa mwawo, akulira ngati mwana. Mayi wina wa chigwirizano anayambitsa nyimbo yotamanda, ndipo ena anailandira mmodzimmodzi mpaka inamveka kutsidya kwa mtsinje. A Tereza anatola ndodo ija, anaipukuta ndi chitenje chawo, n'kuinyamula ndi manja awiri. Za Malomo panalibe anazitchulanso.

Njira yachidule yopita kwawo inkadzera kuseri kwa makola a mbuzi, ndipo Festus anayamba kukhotera komweko. Iness anamukoka mkono.

"Ayi. Tidzera pakati pa mudzi."

Anadzera pakati pa mudzi atatuwo, dzuwa lili ngwee, a Aroni ali pakati, akuyenda pang'onopang'ono monga mwendo wawo unkalolera. Pakhomo lililonse a Aroni ankaima n'kupereka moni, ndipo pakhomo lililonse anthu ankatuluka kudzawagwira dzanja.