Makina Oonera Mayeso

Pakhomo pa a Abram Thiessen sipankamveka mikangano. Munda wawo wa tirigu unali m'chigwa cha Manitoba, dera lozizira kwambiri la kutsidya kwa nyanja, kumene mphepo imayenda mtunda wautali osapeza choitchinga, ndipo iwo ndi akazi awo, mayi Elvira, ankakalamba limodzi mwakachetechete. Mayi akamapakula supu ya kabichi ndi soseji, bambo ankadula buledi. Bambo akayamba nyimbo ya kutchalitchi, mayi ankailandira mzere woyamba usanathe. Nyumba zotere n'zochepa, ndipo munthu amadziwa kukoma kwake mpando wina ukatsala wopanda mwini.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Wendell, wanzeru koma wosakhazikika. Patebulo mwendo wake unkagwedezeka mpaka masupuni kulira. Ntchito ankaiyamba ndi moto, ikafika povuta maso ake ali kale pakhomo. Komabe sukulu inkamuyendera, ndipo atamaliza digiri yoyamba anatengedwa kukachita kafukufuku ku yunivesite ya mumzinda, m'gulu la Pulofesa Marguerite Lavallee, mayi wa imvi wosalankhula zambiri.

Ntchito imene anapatsidwa inali yokhudza kwawo kwenikweni. Mvula youndana ikagwa m'chigwamo, imaundana pa nthambo za magetsi mpaka zimalemera n'kuduka, mabatire a nsanja za mafoni amatha, ndipo dera lonse limakhala chete. Nsanjazo zinali za bungwe la alimi, momwe a Abram anali mmodzi wa akomiti. Bungwelo linali ndi majenereta ochepa. Wendell anayenera kuphunzitsa kompyuta, poipatsa mbiri ya mphepo, chinyezi ndi kuzima kwa magetsi kwa zaka zambiri, kuti izilosera nsanja imene izime, jenereta n'kutumizidwa kumeneko msewu usanaterere.

Panali lamulo limodzi limene Pulofesa Lavallee sankaseka nalo. Mbiri ya chisanu chomalizira anaipatula n'kuitsekera payokha mu kompyuta yaikulu ya labotale. Ophunzira ankaitcha bokosi. Makina ankayenera kuphunzira pa zaka zina zonse, koma bokosilo linali mayeso awo, otsegulidwa kamodzi kokha ntchito ikatha.

"Makina akaona mayeso saphunzira, amangoloweza," anatero pulofesayo tsiku loyamba. "Adzakhoza zonse za chaka chatha, ndipo za chaka chino sadzadziwa kanthu. Wamva, Wendell?"

Wendell anati wamva, mwendo ukugwedezeka pansi pa tebulo.

Miyezi yoyamba anagwira ntchito. Koma makina ankalosera molakwika kawirikawiri, ndipo kuwakonza kunkafuna kukhala pansi, kusanthula mbiri mzere ndi mzere, kupeza pamene choyezera mphepo chinaundana n'kulemba zabodza. Zimenezo zinkamutopetsa. Apa m'pamene anazolowerana ndi Dustin Kowalchuk, wophunzira wakale amene ankasamalira makompyuta a labotale, munthu wa nthabwala amene digiri yake inali itakana kutha. Dustin ankadziwa malo omwera kuseri kwa yunivesite kumene ankaonetsa masewero a hoke pa kanema wamkulu. Poyamba ankapitako Lachisanu lokha. Kenako Lachitatu linayamba kuoneka ngati Lachisanu. Wendell ankafika ku labotale dzuwa litakwera, n'kuyang'ana manambala oipa aja, n'kutseka kompyuta.

Chionetsero cha kafukufuku cha chaka chimenecho chinali pafupi, ndipo dzina lake linali kale pa ndondomeko.

Zokolola zitalowa m'nkhokwe, anapita kwawo kukadya chakudya cha chikondwerero chothokoza Mulungu. Nkhukundembo inali patebulo, mabanzi a mayi ali otentha, koma iye ankangotembenuza foni yake uku ndi uku. A Abram ananena monyadira kuti akomiti onse abwera ku chionetsero, ndipo awauza kale kuti mwana wawo akupanga makina amene adzapulumutse dera. Wendell anaseka pang'ono.

Potsuka mbale, mayi Elvira anamupatsa nsalu yopukutira n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Maso akowa si a munthu wotopa ndi mabuku," anatero. "Ngati zinthu sizikuyenda, kauze aphunzitsi ako kuti sizikuyenda. Bambo ako akhumudwa sabata imodzi basi, kenako ayamba kukunyadira pa china. Koma usakabweretse bodza m'nyumba muno, mwanangu. Tilibe poliika."

"Zikuyenda, amayi," anayankha, akupukuta mbale youma kale.

Atabwerera mumzinda anadandaulira Dustin, akumwa. Dustin anaseka mpaka kutsokomola.

"Aise, ukulira pakhomo kiyi ali m'thumba mwanga? Bokosi lija ndimalisunga ndine. Ulitsegule, makina adyeko pang'ono, ulitsekenso. Ukuganiza onse opachika zithunzi zokongola pa chionetsero ndi angelo? Mwana wa alimi iwe, kuona mtima kwakoko ukakudyera kumunda."

Wendell anati zimenezo n'kuba. Dustin anafunsa kuti akubera ndani, popeza chisanu chatha chinadutsa kale ndipo sichikadandaula kwa munthu. Anawonjezera kuti Wendell adzakonza makinawo bwinobwino chionetsero chikatha, palibe adzadziwe. Mawu omalizawa ndi amene anamugwetsa Wendell, chifukwa ankafanana ndi zimene ankadziuza yekha pa ntchito iliyonse imene anaisiyapo.

Masana ena, anzake atapita kukadya, anatsegula bokosilo. Anasakaniza mbiri ya chisanu chomalizira ndi zaka zina, makina n'kuiloweza yonse. Sizinatenge nthawi. Anatuluka panja n'kuzungulira nyumba ya labotale kawiri m'mphepo yozizira, wopanda jekete.

Tsiku la mayeso, Pulofesa Lavallee anatsegula bokosi pamaso pa gulu lonse. Makina analosera pafupifupi nsanja iliyonse imene inazima chaka chapitacho. Anzake anawomba m'manja. Pulofesayo sanawombe. Anamuitanira mu ofesi, natseka chitseko, namuuza kuti pa zaka zake zonse sanaonepo nyengo ikumvera makina chonchi. Anamufunsa mosazungulira ngati anakhudza bokosi, ndipo anamuuza kuti ngati anatero mwangozi anene pomwepo, ayambirenso, nkhani ithere mu ofesimo.

Mpata unalipo, koma Wendell anaganiza za bambo ake ndi akomiti awo.

"Sindinalikhudze," anatero.

Chionetsero chinachitikira mu holo yaikulu. Panali fungo la khofi ndi madonasi, zithunzi za kafukufuku zitapachikidwa mizeremizere, alendo akuyenda ndi mayina awo pachifuwa. A Abram anabwera atavala jekete ya kutchalitchi, chipewa chili m'manja, ndipo anaima pafupi ndi chithunzi cha mwana wawo tsiku lonse, akuuza aliyense wodutsa kuti mnyamatayu anaphunzira kuwerenga atakhala pa thirakitala. Wendell analandira mphoto. Akomiti anagwirizana kuti ayesere makinawo m'dera lawo chisanu chomwecho. Pulofesa Lavallee anawachenjeza kuti asawadalire okha, koma a Abram anali atawaikira kale kumbuyo, ndipo mawu a Abram Thiessen anthu sankawakayikira.

Kukonza kuja sikunachitike. Kukonza makina kukanatsitsa manambala, ndipo manambala akanatsika anthu akanafunsa mafunso. Wendell anayamba kupewa labotale, kupewa ofesi ya pulofesa, kupewa ngakhale foni ya kwawo. Sankatha kukhala m'chipinda chake, sankatha kukhala kumowa. Ankakwera basi mpaka kumapeto kwa msewu n'kubwereranso. Chisanu chinali chouma, chipale chofewa chokhachokha, ndipo tsiku lililonse lopanda mvula youndana ankaliona ngati chikhululukiro.

Mvulayo inabwera mu Malichi. A zanyengo analengeza m'mawa, ndipo masana makina anatulutsa zolosera zawo: nsanja za kumpoto zizima, ya kufupi ndi munda wa a Thiessen ipirira. Wendell anayang'ana mapu a zoloserazo ndipo anawazindikira. Anali mapu a chaka chatha, pamene mphepo inachokera kumpoto. Tsiku limeneli inkachokera kummwera.

Foni inalira. Anali bambo ake, akuti majenereta onse anyamuka kupita kumpoto monga makina anenera, koma woyendetsa galimoto wina akung'ung'udza kuti mphepoyi sikumusangalatsa.

"Ndamuuza kuti makina a mwana wanga sanama," anatero a Abram. "Ndiye kuno tili bwino eti?"

Wendell anaima pawindo. Madontho oyamba anali akumata pagalasi. Akanangonena mawu ochepa, galimoto imodzi ikanabwerera. Anatsegula pakamwa, n'kumva mawu ake omwe akuti, "Muli bwino, adadi."

Magetsi anazima kummwera madzulo omwewo, ndipo pofika m'mawa mabatire a nsanja anali atatha. A Abram anatuluka kukadyetsa ng'ombe. Atachedwa kubwera, mayi Elvira anawatsatira n'kuwapeza atagwa pakhomo la khola, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Sitiroko imafuna changu, ndipo mayi ankadziwa zimenezo. Anaimba nambala ya ambulansi, foni sinalire. Ya m'nyumba anali ataichotsa kalekale, poti nsanja inali pafupi. Anawakokera bambo m'khola, nawafunditsa, ndipo poti galimoto sikanayenda pa msewu woterera, anayenda pansi pa madzi oundana mpaka kwa aneba, akugwa n'kudzuka. Aneba anatulutsa thirakitala. Pamene ankafika kuchipatala, nthawi imene mankhwala akanathandiza inali itadutsa.

Wendell anawapeza mayi ake pa benchi ya m'chipatala, mawondo atamangidwa mabandeji. Sanalire. Anamufotokozera mmene anakwerera pamwamba pa galimoto m'bwalo, atakweza foni m'mwamba ngati akupempha, mwina n'kugwira nsanja ina yakutali. Anati bambo ali moyo koma sakulankhula, ndipo madokotala sakulonjeza kanthu. Kenako anamugwira dzanja n'kumuuza kuti asadziimbe mlandu, makina ndi makina, nawonso amalakwitsa.

Mwendo wa Wendell unasiya kugwedezeka.

"Sanalakwitse, amayi. Ndinawaonetsa mayeso. Ndinkadziwa kuti sadziwa kanthu. Dzulo adadi atandifunsa, ndinkadziwa."

Mayi Elvira sanachotse dzanja lawo, koma linazizira m'dzanja lake.

"Pita ukawauze bambo ako," anatero. "Pakamwa patsekeka, koma makutu akumva. Ukatuluka umo, ukauze aphunzitsi ako. Ukatero ukaime pamaso pa akomiti. Ine sindikunenera."

Analowa. A Abram anamvetsera zonse ndi diso limodzi lotseguka bwino. Wendell atamaliza, misozi inatsikira kukhutu kwawo. Anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono n'kuliika pamutu pa mwana wawo, ndipo Wendell sanadziwe, mpaka lero sadziwa, ngati ankamudalitsa kapena ankangofuna pogwira.

Yunivesite inamuchotsa n'kulanda mphoto ija. Pulofesa Lavallee analembera yekha onse amene anamva za kafukufukuyo kuwauza kuti zotsatira zake zinali zabodza. Dustin atafunsidwa anati iye ankangoseka, sankadziwa kuti munthu angachitedi zimenezo. Wendell anabwerera kumunda. Ndiye amene amadyetsa ng'ombe tsopano, ndiye amadula buledi, ndipo akayenda m'sitolo ya m'tauni anthu amamupatsa moni mwaulemu n'kuyang'ana kumbali. Lamulungu amakankha bambo ake pa njinga ya olumala kulowa m'tchalitchi. Nyimbo ikayamba, mayi Elvira amadikirabe kamphindi, mwachizolowezi, kuti amuna awo ayambe mzere woyamba, kenako amaimba okha.

Inu ana a sukulu, mverani. Wendell sanabe ndalama, sanamenye munthu. Anatopa ndi ntchito, anaonera mayeso, ndipo atapatsidwa mpata wonena zoona anasankha kusunga dzina lake. Bodza limene mwanena m'kalasi silitsala m'kalasi. Wina adzalikhulupirira chifukwa amakukondani, adzatsamira pa ilo ndi thupi lake lonse, ndipo wogwa adzakhala iyeyo. Ngati ntchito yakukanikani, nenani lero kuti yakukanikani, amene akukufunsaniwo akadali ndi pakamwa pokuyankhirani.