Msuku wa ku Area 12

A Mackford, mlonda wa panyumba ina ku Area 12, sanaione komaliza nkhope ya mkazi wawo. Efelo atamwalira ku Mitundu, uthenga unawapeza mochedwa, ndipo pofika anapeza bokosi atalikhomera kale. Chaka chinatha, koma zimenezi zinkawadyabe mumtima.

Madzulo ena, mvula itangoyamba, analowa ntchito monga mwa masiku onse. Mayi Mhango, eni nyumba, anawalozera msuku wakale wa kuseri. Masamba ake anali atakulungika ngati ndudu, timbozi tobiriwira titadzisokera m'katimo ndi ulusi.

"Zonyansa izi, a Mackford. Mawa tipopera mankhwala."

Usiku womwewo anamva tswa, tswa. Pansi pa msuku panaima mzimayi, atawafulatira. Ankakoka nthambi, kupinda tsamba, kulisoka, n'kugwira lina. Kapendekedwe ka khosi kaja, abale inu! Ndi Efelo yekha ankasoka chonchi.

"Efelo, tatembenuka. Kamodzi kokha."

Sanatembenuke. Koma mawa lake anaonetsa khutu. Patapita masiku, m'mbali mwa tsaya. A Mackford anachita kugwada pamaso pa Mayi Mhango kuti mankhwala adikire. Anawapatsa masabata awiri, osaonjezera ngakhale tsiku.

Timbozi tinaleka kudya, tinagona zii m'masamba muja. Munthu wamkulu ankangowerenga masiku, tulo tamasana osatipeza.

Usiku wotsiriza kunalibe mphepo, koma mtengo wonse unkanjenjemera. M'masamba munayamba kutuluka tiagulugufe tausiku, tofiirira ngati khungwa louma, timapiko titapindidwa pamsana. Mzimayi uja anasiya kusoka. Anatembenuka pang'onopang'ono.

Kumaso konse kunali tiagulugufe tokhatokha, pamphumi mpaka pachibwano.

"Ayi, ayi! Chokani!"

A Mackford anatipitikitsa ndi dzanja. Tinauluka tonse nthawi imodzi kupita kugetsi la pampanda. Pamalopo panalibe munthu.

Kutacha, Evelesi, wantchito ya m'nyumba, anapeza geti lili pululu. Mlonda anali m'mwamba mwa msuku, akufunyulula masamba limodzilimodzi, kusuzumiramo, n'kulitaya. Alonda a mumsewuwo mpaka lero amanong'onezana kuti wakufa ukapanda kumuona nkhope, naye samakuonetsa.

"Bambo Mackford, tsikani! Opopera mankhwala afika."

Anayankha osayang'ana pansi, misozi ili chuchuchu.

"Auzeni andidikire, mwana wanga. Yatsala nthambi imodzi."