Mkango Wodulidwa pa Supuni

Mumsewu wathu wa osula siliva ku London munalibe nyumba yaulemu ngati ya a Josiah Pargeter. M'mawa ankayamba ndi pemphero, kenako nyundo. Mbale zawo zikuluzikulu zoperekera nyama zinkakhala ndi zidindo ziwiri kunsi: mkango wa akuluakulu oyesa siliva, wotsimikiza kuti ndi weniweni, ndi zilembo za dzina lawo.

Mwana wawo Barnabas anali ndi manja aluso, koma kukhosi kwake kunkauma msanga.

"Mwananga, mowa ndi nyundo siziyendera limodzi," bambo ake ankatero. "Ukatayika, usadzati sindinanene."

"Ndamva, bambo," ankayankha maso ali kukhomo.

Kumowako anapezana ndi Silas Crake, wogulitsa ziwiya zakale, munthu wa pakamwa pozuna.

"Iwe, luso lonseli n'kumamwa wopemphetsa? Mdala wakoyo adzakusiyira mapemphero okhaokha! Thira mkuwa wambiri m'siliva. Dula mkango pa supuni yakale, uwotcherere kunsi kwa mbale. Ndani amagadabuza mbale nyama ili momwemo?"

Barnabas anachitadi, n'kudindapo dzina la bambo ake. Mbalezo zinkawala, zinkagulidwa, iye n'kumadzandira mumsewu dzuwa likuswa mtengo. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku lina wophika wa kunyumba ina yolemera anaiwala imodzi mwa mbalezo pamakala. Chowotcherera chinasungunuka, kachigamba ka mkango kanagwera m'phulusa.

Oyesa siliva anafika ndi asilikali kwa a Josiah, mbale ija ili m'manja, Barnabas ali pomwepo.

"Pargeter, dzina ili n'landani?"

Mkuluyo anayang'anitsitsa mbaleyo. Mikwingwirima ya nyundo anaizindikira, poti dzanjalo analiphunzitsa yekha. Anacheukira mwana wake n'kudikira. Barnabas anangoti zyoli.

"N'langa," anatero mkuluyo.

Ndinalipo pamene ankaphwanya chidindo chawo pamaso pa anthu, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Munthu amene sanabepo ngakhale khobidi anamuika m'goli pamsika, anthu n'kumamugenda ndi mazira owola. Silas sanaonekenso. Chisanu cha chaka chomwecho a Josiah anafera m'ndende.

Barnabas alipo. Manja aluso aja mowa unawawononga moti sangagwire ngakhale kapu, ndipo palibe wosula amene amamulola kuponda pakhomo pake.

Achinyamata, mverani: tchimo limene mukulichita mobisa silidzagwera inu nokha. Limayamba ladya amene anakuberekani, inu mukuonerera.