Dzanja mu Kanema wa Nsomba

Kunyumba onse ankamuitana kuti Kasizasi. Pepala likangogona poyera, iye walidula kale. Ngakhale kalendala ya Amayi sinapulumuke.

Kasizasi ankakonda mabuku asanu. Onse anali a nsomba yosambira m'mitambo. Achemwali ake ndiwo ankamuwerengera. Akamaliza, ankayambiranso. Koma buku lachisanu linathera poipa. Nsomba ija inasochera kutali ndi kwawo.

Tsono Achemwali anadwala. Anagonekedwa m'chipatala. Ana sankaloledwa kulowamo. Amayi anati Achemwali sakudya bwino. Ngakhale kuseka, sakuseka. Kasizasi anada nkhawa kwambiri.

"Amayi, mundibwerekeko foni," anatero m'mawa wina. "Ndikufuna ndiwapangire kanema. Nsomba yathu ibwerere kwawo."

Amayi anavomera. Koma anati masana ainyamula popita kuchipatala.

Kasizasi anadula nsomba yofiira yapepala. Anadula mitambo yoyera. Anadulanso kanyumba. Zonse anaziyala patebulo. Anasanjikiza mabuku asanu aja. Pamwamba pake anagoneka foni, diso lake litayang'ana pansi.

Ntchito inayambika. Kankha nsomba pang'ono. Chotsa dzanja. Jambula. Kankha pang'ono. Chotsa dzanja. Jambula. Zithunzi zikathamanga motsatana, nsomba imaoneka ngati ikusambira.

Koma kanyumba kanali kutali, abale. Nsomba sinafike ndi pakati pomwe. Amayi anali atayamba kale kupesa tsitsi.

Kankha. Chotsa. Jambula.

Amayi anavala nsapato. Mtima wa Kasizasi unali m'mwamba.

Kankha. Jambula. Kankha. Jambula.

Nsomba inafika pakhomo la kanyumba. Kasizasi anaonera kanema uja. Mayo ine! Anaiwala kuchotsa dzanja. Dzanja linali mbee, pambali pa nsomba. Chala china chinali ndi guluu. Dzanjalo linatsata nsomba mpaka kumapeto.

"Ndawononga," anatero, misozi ili chuchuchu. "Ndiyambirenso, Amayi."

"Nthawi yatha, mwanangu," anayankha Amayi. Anamupukuta kumaso, natenga foni, napita.

Kasizasi anatsala ndi Abambo. Chakudya sichinalowe. Anapita pawindo. Anabwerera. Anapitanso pawindo. Abambo anamuseka kuti amaliza simenti ndi mapazi. Iye sanaseke. Nanga Achemwali akakhumudwa?

Dzuwa litapendeka, chitseko chinatseguka. Kasizasi anaopa kufunsa. Anangogwira chikwama cha Amayi.

"Akulu ako aonera kasanu," anatero Amayi. "Aseka mpaka anamwino kubwera kudzasuzumira. Ndipo mbale yonse amaliza."

"Nanga dzanja lija?"

Amayi anatsegula chikwamacho. Anangomupatsa foni. Munali kanema wina, wamfupi. Achemwali anali pabedi, akumwetulira.

"Mng'ono wanga, nsomba ndaiona," anatero Achemwali. "Koma ine ndimayang'ana dzanja. Ndinalisowa zedi dzanja limeneli. Nsomba sinapite yokha. Waiperekeza mpaka pakhomo."

Kenako Achemwali anakweza dzanja lawo. Analigunditsa pagalasi la foni. Kasizasi anaika lake pomwepo. Mtima wake unakhala pansi.

Loweruka Achemwali anatulutsidwa. Kasizasi anakawachingamira pageti la chipatala. Anawagwira dzanja. Sanalichotse mpaka pakhomo.