Zimene Chun-kai Sankalemba

Pei-shan anakumana ndi Chun-kai pakhomo la nyumba yosungiramo katundu ya bambo a Pei-shan mumzinda wa Hsinchu. Chun-kai ankatsatsa malonda a fakitale yopanga tizipangizo ta m'kati mwa mafoni, ndipo banja la Pei-shan linkapikula tizipangizoto n'kumagulitsa kwa opanga mafoni. Tsikulo Chun-kai anabwera ndi tiyi woti apatse bambowo, koma ataona mwana wawo, tiyi uja anasintha mwini.

Tisaname, mwamunayu anali ndi pakamwa. Mameseji sankaduka. "Shan-shan wanga, wadya?" "Duwa langa, akangondikweza pantchito, ndikubwera kwanu ndi makolo." Pei-shan anamukonda ndi mtima wonse.

Koma miyezi itatu iliyonse ikamatha, nthawi imene fakitale imaonetsa eni ake mmene malonda ayendera, foni inkakhala chete ndipo Chun-kai ankabwera yekha. Ankamugwira dzanja n'kumupempha kuti alandire makatoni ena a tizipangizo, ngakhale akale anali asanagulidwe. Akangotsitsidwa, fakitale inkawawerengera ngati agulitsidwa kale.

"Otsala tidzabwera kudzawatenga, wapamtima. Ukundikayikira ine?"

Akanamukayikira bwanji? Pei-shan yemweyo ndi amene ankanyengerera bambo ake kuti asaine.

Kenako malonda a mafoni anazilala. Makatoni anafika kudenga, chonsecho tizipangizo tikakhalitsa, ogula satifuna. Bambo ataimbira fakitale, anauzidwa mwaulemu kuti katundu anagulidwa basi, ndipo lonjezo lomubweza silinalembedwe paliponse. Bizinesi ya banja inatsala pang'ono kutsekedwa.

Pei-shan anaitanira Chun-kai kumalo odyera kumene ankakonda kumwa supu. Sanakalipe. Anangomupempha kuti atulutse foni alembe zimene anamulonjeza.

Chun-kai anamwetulira n'kulemba. Foni ya Pei-shan inalira: "Ndimakukonda."

"Osati zimenezo. Za makatoni."

Kumwetulira kunatha. Anayamba kufotokoza chapansipansi kuti ofufuza za chuma amawerenga mafoni a otsatsa malonda, kuti akaona lonjezo lotere malonda onse aja afafanizidwa, ndiponso kuti iye ntchito imuthera. Ankadziwa zonsezi kuyambira pachiyambi! Mtima wa Pei-shan unawawa kwambiri, koma mawu ake anatuluka ofatsa.

"Ndiye za chikondi umalemba chifukwa palibe amene angadzakufunse?"

Pei-shan anaimirira n'kupita kukauza bambo ake kuti makatoni aja sapita kulikonse.