Thandala la Mbuzi za Mzime

Tsiku limene Mzime analowa mu shedi ya akalipentala, makina odulira matabwa ankalira kwambiri moti anachita kukuwa.

"Odi! Ndikufuna wondikhomera thandala lokamirapo mbuzi!"

Akalipentala atatu anayang'anana n'kufa nacho chiseko. Wachinayi, amene anzake ankamutcha Pensulo chifukwa pensulo sinkachoka kukhutu kwake, anazimitsa makina n'kusasa utuchi m'manja.

"Mbuzi imakamidwa pa thandala, achemwali?"

Mzime anatambasula pepala la kalendala yakale. Kuseri kwake anali atajambulako yekha thandala lofika m'mawondo, kutsogolo matabwa awiri oimirira ogwira khosi la mbuzi, kabokosi ka madeya ndi kampando m'mbali.

"Amayi anga amakama chonyonyomala, mawondo awathera pomwepo. Mbuzi ikangoponya mwendo, mkaka wonse pansi. Mungathe kapena ndipite kwina?"

Pensulo anayang'ana pepala, kenako mwini pepalayo. Maso anakana kubwerera pa pepala.

"Ndingathe. Koma ndiyenera kuyeza mbuziyo kaye."

Loweruka anapita ndi tepi yake. Nyumba inali kumapeto kwa tauni, khola la mbuzi zisanu kuseri. Amayi ake a Mzime anamulandira akutsimphina, mawondo atamanga nsalu. Mtsikanayo anali womaliza kubadwa, n'chifukwa chake aliyense ankangomuitana kuti Mzime.

Mbuzi yaikulu, imene ankaitcha Adona chifukwa chosankha zakudya, inatafuna kapepala ka miyezo Pensulo akuyeza khosi. Mzime anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Zakudya zina amakana, koma masamu anu awakonda!"

Loweruka lotsatira Pensulo anabweranso kudzayeza. Linalo anabweranso.

"Kodi bambo, mbuzi zangazi zikukula tsiku ndi tsiku?" anafunsa amayiwo akumwetulira. Mzime anathawira m'nyumba.

Mauthenga a pafoni anayamba kuuluka.

"Duwa langa, lero ndadzimenya chala ndi hamala. Mlandu ndi wako."

"Ndikulipe mbuzi?"

"Mbuzi sunga. Ndipatse mtima."

"Mtima unatenga kale, wakuba iwe."

Tsiku lina ali kuseri kwa khola, Pensulo anamugwira manja onse awiri.

"Wapamtima, tamvera. Thandala likangotha, ndibwera ndi makolo anga kudzaonekera kwa amayi. Ngati ndikunama, manja angawa asadzagwirenso sowo."

Mzime anawauza amayi ake madzulo omwewo. Akanabisa bwanji chimwemwe chotere?

Koma ku shedi zinthu zinali zina. Pensulo akangolowa, Mandevu, mkulu wa akalipentalawo, ankayamba nyimbo yake.

"Mee-ee! Wafika mkamwini wa mbuzi!"

Pensulo ankangoseka nawo mokakamiza. Lachinayi lina masana akupala matabwa a pakhosi aja, mu shedimo munali azimayi awiri otchena amene ankadikira kabati yawo. Mandevu ananunkhiza malaya a Pensulo n'kugwira mphuno.

"Amayi, pepani ndi fungoli. Mnzathuyu akukwatira kukhola. Paukwati kwaya idzakhala ya atonde!"

Azimayiwo anaseka mpaka misozi. Pensulo anamva nkhope ikuyaka. Pakamwa panatseguka mutu usanaganize.

"Mwapenga eti? Ine ndingakwatire mtsikana wonunkha khola? Ndikungomunyengerera kuti ntchito iyende. Thandala likatha, basi!"

Palibe anaseka. Mandevu anali atayang'ana pakhomo, kukamwa kuli yasa.

Pensulo anatembenuka. Mzime anali ataima pamenepo, atavala diresi yake yobiriwira yopitira m'tauni, m'manja muli kapepala ka mahinjesi amene Pensulo anamutuma kuti agule.

Anayenda pang'onopang'ono n'kukaika kapepalako pa benchi.

"Mahinjesi anu aja ndi awa, a kalipentala."

A kalipentala! Inu! Munthu amene dzulo lomwe ankamutcha "wakuba iwe"!

Mzime anatuluka osathamanga, osalira. Pensulo anafuna kumutsatira, koma miyendo inali ngati yakhomeredwa pansi ndi misomali. Akanakamuuza chiyani? Kuti wamva molakwika?

"Mphwanga, ife timangocheza," anatero Mandevu chapansipansi. "Zinazo wanena wekha."

Pensulo analemba mauthenga osawerengeka. "Duwa langa, pepa." "Linali lilime chabe, si mtima." "Ndiyankhe, ngakhale kunditukwana." Anaimba foni, inangoitana. Mawa lake yankho linabwera limodzi lokha.

"Amayi akudikira thandala lawo. Loweruka."

Loweruka m'mawa anakweza matabwa pa wilibala n'kukankha njira yonse mutu uli pansi. Ankayembekezera kutukwanidwa pageti, mwinanso kuthiridwa madzi. Koma amayiwo anamulandira ndi manja awiri.

"Takulandirani mwana wanga! Mzime, mpando wa alendo!"

Mzime sanawauze! Pensulo anamva manyazi akumukwera kuchokera kumapazi.

Anagwira ntchito mwakachetechete. Analumikiza miyendo inayi, anakhoma matabwa apamwamba mosiya timipata kuti madzi otsukira azidutsa, anamanga thabwa limodzi la pakhosi kuti lisamagwedezeke, linalo analiika pa hinjesi kuti lizitseguka. Mzime ankamupatsira misomali osamuyang'ana. Zala zawo zikayandikana, iye ankabweza dzanja msanga.

"Mzime," ananong'ona Pensulo.

"Kabokosi kapendama. Kawongoleni."

Atamaliza, Mzime anathira madeya m'kabokosi. Adona ananunkhiza thandala, anakwera n'kulowetsa mutu pakati pa matabwa aja. Mzime anatseka n'kukoweka. Amayiwo anakhala pa kampando, anatsuka mawere a mbuzi n'kuyamba kukama. Mkaka unalira m'chidebe, tsoo, tsoo.

"Ambuye! Zaka khumi ndi ziwiri ndikukama chonyonyomala! Taonani, mawondo ali phee!" Anapukuta misozi ndi phewa, manja akukamabe. "Manja anu ndi odala, mwana wanga. Nanga thandala latha, makolo anu tiwayembekezere liti?"

Hamala inamupulumuka Pensulo n'kugwa pansi.

"Sabwera, amayi," anayankha Mzime mwachangu. "Ndamukana ndine. Ndaona kuti sindinakonzeke."

"Iwe! Mnyamata waulemu ngati uyu? Wakulakwira chiyani? Ukufuna kundichititsa manyazi?"

Mzime anangowerama, akulandira kukalipirako. Pensulo anamuyang'ana. Mtsikana amene iyeyo anamunyoza pagulu anali kumufunditsa nsalu kuti achoke ndi ulemu! Akanangotola hamala n'kutsanzika, nkhani ikanathera pomwepo.

Anagwada pa dothi la pakhola.

"Amayi, musamukalipire. Akundibisa. Wolakwa ndine."

Manja a amayiwo anaima.

"Anzanga ankandiseka kuntchito. Ine pofuna kuoneka wanzeru ndinanena kuti sindingakwatire mtsikana wonunkha khola, kuti ndikungomunyengerera. Iye anali pakhomo, anamva zonse."

Kunangomveka Adona akutafuna madeya. Amayiwo anayang'ana Pensulo, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Khola limeneli ndi limene lamulera mwanayu bambo ake atamwalira," anatero mofatsa. "Sopo amene amasambira amachokera momwemu. Dzukani bambo, mudetsa thalauza. Ntchito mwagwira bwino. Mzime, aperekeze alendo."

Bambo. Sanalinso "mwana wanga."

Pageti Pensulo analephera kudzigwira. Misozi inatsika, mwamuna wamkulu, dzuwa likuswa mtengo.

"Duwa langa, ndipatse mpata umodzi wokha. Ndikanena pamaso pa onse aja kuti ndinanama. Ndimakukonda, Mulungu akudziwa!"

"Mukanakhala chete mukanachoka ndi ulemu wanu," anatero Mzime. "Mwanena zoona, zikomo. Ndakukhululukirani."

"Ndiye tibwerere, wapamtima!"

Mzime anapukusa mutu. Tsopano nayenso anali akulira.

"Mukudziwa zimene ndinachita Lachinayi lija? Ndinasamba katatu. Ndinanunkhiza diresi yanga, manja anga, tsitsi langa. Chibadwire sindinachitepo manyazi ndi mbuzi za amayi anga, koma tsiku limenelo ndinachita nazo manyazi. Ndinu munandiphunzitsa."

"Mzime..."

"Ndimakukondani, Pensulo, sindikana. Koma mukadzandikumbatira ndizidzadzifunsa ngati mukupuma kapena mwagwira mpweya. Moyo wotero sindiutha."

Mzime anamukankhira wilibala yake panja n'kukoka geti.

"Mzime!" anaitana amayi ake kuseri. "Bweretsa yachiwiri!"

"Ndikubwera, amayi!"

Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, anakoweka geti n'kubwerera kukhola osacheuka.