Quarterback Wobisa Matenda

Wongani anakulira m'nyumba yoti mwana sangaidandaule. Mayi ake, a Esnat, ankasoka mayunifomu a sukulu pa Chinkhoma ku Kasungu, ndipo kwawoko bodza unali mlandu woposa kuswa mbale. Mnyamatayo anali womvera ndithu, koma ankanyadira mkono wake wamanja mopitirira muyeso. Akagenda mango, anzake ntchito yawo inkangokhala kutola.

Atalemba Fomu 4, amalume ake a Fraser, amene anali dalaivala wa banja lina ku Doha, anamupezera ntchito yopukuta makina olimbitsira thupi m'jimu ya hotela ina ku Al Mirqab, mumzinda womwewo. Tsiku lonyamuka mayi ake sanachulutse gaga m'diwa.

"Achimwenewo ali ndi shuga, koma ndi amene akukuvutikira. Uziwamvera, usamawabisire kanthu."

Sanakhalitse, mliri wa Covid unagwa. Hotela inangoti zii. Wongani ankapukuta makina oti sanakhudzidwe ndi munthu, n'kukadya yekha, n'kukagona osalankhulapo Chichewa tsiku lonse. Anasungulumwa kwambiri mwana wa a Esnat.

Mlendo amene sankachoka anali mmodzi, Bascom wa ku America, amene anabwera kudzachiritsitsa phewa, ndege zopita kwawo n'kuimitsidwa. Kwawo ankasewera mpira wawo uja wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Anali quarterback, munthu amene amauponya kwa anzake pamene zimphona za timu ina zikuthamangira kudzamugwetsa. Kale masitediyamu ankaimba dzina lake. Tsopano matimu onse anali atamutaya, ndipo foni yake inkangogona pa tebulo osalira.

Masana ena mpira wa Bascom unagubuduzika mpaka kutsidya kwa malo oimika magalimoto. Wongani anautola n'kuubweza. Unauluka mowongoka mpaka pachifuwa cha mwini wake.

"Anakuphunzitsa ndani?" anafunsa Bascom m'Chingerezi.

"Mango, bwana."

Kuyambira pamenepo anthu awiri osowa ocheza nawowa anapezana. Bascom anamuphunzitsa kugwira mpira pa msoko, kubwerera m'mbuyo osayang'ana pansi, ndi kuponyera pamene mnzako akupita osati pamene ali. Zimenezo zinali zabwino. Koma anamuphunzitsanso china.

Tsiku lina Wongani anadandaula chigongono. Bascom anaseka, n'kumutsanulira mapilisi awiri m'manja.

"Quarterback saulula ululu. Ine ndinasewerapo nthiti zitathyoka. Ukangouza dokotala, amene wakhala pa benchi amalowa m'malo mwako, ndipo iwe subwereranso. Meza, ukhale chete."

Wongani anameza mapilisiwo, ndipo mawuwo anamezanso.

Bascom anajambula mnyamatayo akuponya n'kutumiza kwa mnzake amene ankasakira osewera timu ina ya ku Germany. Yankho linabwera lakuti munthuyo adzadutsa ku Doha miyezi ikubwerayo, ndipo adzayesa anyamata angapo tsiku limodzi lokha. Mutu wa Wongani unatupa. Anayamba kujomba, n'kumanamiza bwana wake kuti wapita ku chipatala. Atamva za lamulo latsopano lolola antchito kuchoka popanda chilolezo cha bwana, anapereka notisi. Ntchito itatha, bedi la ku hostelo nalonso linatha, ndipo anatulukira ndi chikwama kwa amalume ake ku Madinat Khalifa.

A Fraser ankagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana awo: bedi limodzi, zenera lomata, AC ikuzungulitsa mpweya womwewo.

"Mphwanga, lamulo likunena kusintha ntchito, sikuti kusiya ntchito. Offer ina ili kuti?"

"Malume, ndikupita ku Europe. Ndikapanga sign contract, inuyo steering mudzaisiya, khalas, basi."

"Fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Nanga mzungu wakoyo, kwawo akumufuna ndani?"

Komabe mkuluyo anakapepesa kwa abwana ake kuti mwanayo akhaleko pang'ono, n'kumuyalira matiresi pafupi ndi bedi lake. Chakudya ankagawana mbale imodzi. Lamlungu akamatsatira mapemphero pa foni, Wongani ankatuluka ndi mpira wake.

Sabata ya mayeso itafika, Wongani anadzuka thupi likutentha. Anaphika tiyi wa tangawizi, koma sanamve fungo lake ngakhale pang'ono. Anadziwa kuti ndi Covid. Panalibe munthu ku Doha nthawi imeneyo woti sankadziwa tanthauzo la zimenezo. Ankadziwanso kuti akakayezetsa, chizindikiro chobiriwira cha pa foni chimene alonda ankaona pa geti iliyonse chidzafiira, ndipo ku bwalo sadzalowa.

Anaimbira Bascom.

"Wauza aliyense?"

"Ayi. Koma ndimagona ndi amalume, ali ndi shuga."

"Masiku ochepa okha. Imwa mapilisi aja kutatsala pang'ono kufika pa geti, kamakina koyeza kutentha sikadzaona kanthu. Mwayi uwu subwera kawiri. Ndiwe quarterback kapena ndiwe wopukuta makina?"

Madzulo a tsikulo a Fraser anamumva akutsokomolera m'thaulo.

"Chifuwa chimenecho chayamba liti?"

"Ndi AC iyi, malume. Fumbi basi."

"Wongani, ndiyang'ane. Ngati ndi corona nena. Yalla, tiye ndikutengere ku health centre pompano. Ine thupi langa ukulidziwa."

Galimoto inali panja, makiyi ali m'manja mwa mkuluyo. Mawu amodzi akanakwana. Wongani anawayang'ana m'maso amalume akewo n'kunena kuti, "Ndili fit, wallah, ndikulumbira. Musadandaule."

A Fraser anakhulupirira, chifukwa ana a mlongo wawo sankanama. Anamufunditsa bulangete lawo, iwo n'kugona ndi nsalu.

Loweruka Wongani anadutsa pa geti bwinobwino, foni yobiriwira, mphumi yozizira. Koma mapilisi amanamiza kamakina, sanamiza mapapo. Mpira woyamba unagwera pakati pa njira. Wachiwiri unapita kwa munthu wolakwika. Atauzidwa kuti athamange n'kuponya, mpweya unamuthera, ndipo anagwada pa udzu akutsokomola ngati nkhalamba. Anyamata ena anathawira kutali. Munthu wa ku Germany uja anakweza masiki yake n'kuitana wotsatira. Pamene ambulansi inkafika, Bascom anali ataima kutsidya, manja m'thumba, ngati sanamuonepo chibadwire.

Atamuyeza anamupeza nawo matendawo, ndipo anamutengera kumalo osungira odwala kunja kwa mzinda. Chipinda chake chinali ndi bedi, mpando ndi zenera loyang'ana mchenga. Chakudya ankachisiya pakhomo, kugogoda, n'kuchoka. Analembera Bascom kangapo. Yankho linali limodzi: ndege zopita kwathu zatseguka, ndapita, limba mtima.

Kenako a Fraser anaimba. Mawu awo ankatuluka odukaduka.

"Mphwanga, inenso andigoneka m'chipatala. Mwina ndinautenga ku ma-supermarket kumene madam amandituma, ndiye n'kukupatsira iwe. Ndakuwonongera trial yako. Undikhululukire."

Wongani anatsegula pakamwa. Choonadi chinafika pammero n'kubwerera. Mumtima anati adzanena mawa, amalumewo akakhalako bwino.

Mawa lake foni ya a Fraser inangoitana. Mkucha wake anayankha namwino, kunena kuti ali pa makina opumira. Mnyamata wa zaka zochepa matenda anamusiya msanga, koma mkulu wa shuga sanamusiye. A Fraser anamwalira popanda wachibale pambali, akudziimba mlandu umene sunali wawo. Anaikidwa komweko ndi anthu ovala zoyera, ndipo Wongani anali adakali m'chipinda chija, akuyang'ana mchenga.

Atatuluka analibe ntchito, analibe pogona, ndipo chitupa chake chokhalira m'dzikomo chinali chitathetsedwa. Abwana a malemu anamupatsa chikwama cha amalume ake pa geti, osamulowetsa. Anakhala pa benchi ya basi dzuwa likuswa mtengo, ndipo foni inalira. Anali mayi ake.

"Mwananga, usadzidye mtima. Achimwene anandiimbira asanagonekedwe, anati matendawo anakupatsira ndi iwo. Bola iwe wachira. Bwera kunyumba."

Wongani analira mokweza, anthu odutsa n'kumamulambalala.

"Amayi, si iwo. Ndinayamba ndine. Anandifunsa, makiyi ali m'manja, ine ndinawanamiza chifukwa cha mpira."

Mayi ake anafunsa ndi mawu otsika, oti Wongani sanawamvepo.

"Anakufunsa?"

"Anandifunsa."

"Ine ndine mayi wako, pakhomo sindingakutsekere. Koma ukafika usayambire kuno. Ukayambire kwa mkazi wa amalume ako ndi ana awo, ukanene zomwe wandiuzazi ndi pakamwa pako."

Foni inaduka. Wongani anakwera ndege yobwerera atanyamula zikwama ziwiri, chake ndi cha munthu amene anamupha ndi bodza limodzi.

Anyamata ndi atsikana, luso ndi mphatso, ndipo kufuna kupambana si tchimo. Koma amene akukuphunzitsani kubisa choonadi kuti mukwere sakhalapo tsiku la maliro. Musanamize munthu amene wakufunsani chifukwa chokudalirani. Bodza limene mukuti ndi la masiku ochepa likhoza kulipiridwa ndi moyo wa amene anakuyalirani pogona, ndipo kwa wakufa kulibe kopepesa.